Blashi yonyezimira pa khungu losiyanasiyana: kasankhidwe ndi kapakidwe kake m'kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje

Atsikana awiri akhoza kugula blashi (paudala wopatsa masaya mtundu) yofanana pa shopu imodzi ku Nchalo, kambale komweko, nambala yomweyo. Wina akapaka, masaya ake amaoneka amoyo, ofiirira bwino ngati munthu amene wangoseka kumene. Mnzakeyo akapaka, patsaya pamangotuwa mbuu ngati wadutsa kuchigayo. Blashiyo si yabodza ayi. Paudala wonyezimira sabisa khungu monga imachitira faundeshoni (chodzola chophimba nkhope yonse kuti mtundu ufanane), amangokhala pamwamba mopyapyala, ndiye mtundu umene anthu amauona ndi wosakanikirana: wa m'kambale ndi wa khungu lanu.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye zimene zili m'kambalemo. Muli zinthu zikuluzikulu zitatu. Choyamba ndi utoto weniweni umene umapatsa masaya mtundu. Chachiwiri ndi ufa wodzazira, kawirikawiri talc, ndipo ufa umenewu ndi woyera. Chachitatu ndi mica, mwala umene umasendeka tizigawo topyapyala kwambiri, ndipo ndi umene umathwanima kuwala kukaugunda. Mica yokutidwa ndi utoto woyera wotchedwa titanium dioxide nthawi zambiri imanyezimira moyera ngati siliva kapena ngale, pamene yokutidwa ndi iron oxide imanyezimira ngati mkuwa. Tembenuzani kambale muwerenge kumbuyo: CI 77019 ndi mica, CI 77891 ndi titanium dioxide, CI 77491 ndi utoto wofiira wa iron oxide, CI 77492 ndi wachikasu. Pakhungu loyera ufa woyerawo suoneka, umangosowa. Pakhungu lakuda ndi umene umayamba kuoneka, utoto uja n'kubisika pansi pake. Kutuwa konse kumene akazi ambiri amadandaula nako gwero lake ndi limeneli.

Poyamba: dziwani khungu lanu, osati la m'chithunzi cha pa Facebook

Pali zinthu ziwiri zoti muone. China ndi kuya kwa mtundu, kaya ndinu woyera, woderako, wakuda, kapena wakuda bii. China ndi mtundu wobisika pansi pake, poti akazi awiri akuda mofanana, wina khungu lake limapita ku chikasu ngati uchi, wina limapita kofiira ngati masau ouma, ndipo wina limazizira ngati lili ndi kabuluu mkati.

Malangizo ambiri a pa intaneti amati muyang'ane mitsempha ya padzanja ngati ndi yobiriwira kapena yabuluu. Pakhungu lakuda zimenezo sizithandiza, mitsempha yake sioneka n'komwe. Chitani izi m'malo mwake: sambani kumaso, musadzole kanthu, khalani pakhonde m'mawa cha m'ma 8 koloko ndi galasi. Tengani zitenje ziwiri, china cha olenji, china cha pepo. Ikani chimodzi pansi pa chibwano, kenako chinacho. Chimene chikuwalitsa nkhope ndicho chikukuuzani mbali yanu. Ngati ndi cha olenji, blashi za mtundu wa papaya, njerwa ndi mkuwa zikuyenerani. Ngati ndi cha pepo, pitani ku mitundu ya chidede ndi jambula. Ngati zonse zikukukhalani, muli ndi mwayi, sankhani imene mtima wakonda.

Kumbukiraninso kuti dzuwa la kuno silisewera. Munthu amene amakhala pamsika wa Ngabu kapena Bangula tsiku lonse, pachipumi ndi pamwamba pa masaya pamada kuposa pachibwano ndi m'khosi. Blashi imapita pamalo odawo, choncho poyerekeza mtundu, yang'anani tsaya lenilenilo.

Kachiwiri: momwe mtundu umodzi umasinthira pa anthu osiyana

Titenge chitsanzo cha blashi imene imapezeka kwambiri, ija ya pinki wopita ku olenji yokhala ndi tonyezimira ta golide. Pamakambale ambiri amalemba kuti peach kapena coral.

Pakhungu loyera kwambiri, kuphatikizapo la anthu achialubino, mtundu umenewu umaoneka monga mmene ulili m'kambale, mwinanso kuposa. Pinki amatulukira msanga, ndipo golide uja amangoonjezera kuwala pang'ono. Ngozi apa ndi kuchulutsa. Kukhudza kambale kamodzi kokha ndi burashi kumakwanira masaya onse awiri. Ngati masaya ndi ofiira kale chifukwa chopsa ndi dzuwa, musapakepo chilichonse mpaka atapola, ndipo tsiku lililonse mafuta oteteza kudzuwa azipita pansi, blashi pamwamba.

Pakhungu loyererako, lija timati la bulauni woyera, apa ndi pamene blashiyi imakhala bwino koposa. Pinki amafatsa, olenji amatuluka, ndipo golide amagwirizana ndi kachikasu ka khungu. Kupaka kawiri mopepuka n'kokwanira.

Pakhungu loderako, ngati mtundu wa bwemba, zinthu zimayamba kusintha. Pinki uja amasowa pafupifupi yense, chotsala ndi kunyezimira kwa golide ndi kaolenji kakutali. Ambiri akaona choncho amaganiza kuti apaka zochepa, n'kumangobwereza kanayi, kasanu. Mtundu subwera, chimene chimachuluka ndi mica, ndipo tsaya limasanduka ngati chitsulo chopukutidwa. Pakhungu ili blashi imeneyi muitenge ngati chowalitsira chabe, muziipaka pamwamba pa ina yosanyezimira ya mtundu wa njerwa yootcha kapena papaya wakupsa.

Pakhungu lakuda ndi lakuda bii, blashi yotuwirayi imasiya chigamba choyera chothwanima, makamaka ngati tonyezimira take tili topita ku siliva. Patali pamaoneka ngati pauma, pafupi pamaoneka ngati ufa wa malambe. Khungu limeneli limafuna utoto wamphamvu umene m'kambale umaopsa: wofiira ngati madzi a chidede, wa pepo wakuya ngati jambula wakupsa, olenji wowala ngati moto, kapena pinki wamphamvu ngati mkati mwa vwende. Pamakambale a mitundu yotere amalemba berry, plum, brick, terracotta kapena fuchsia. Mitundu imeneyi ikafika pakhungu lakuda imafatsa yokha n'kuoneka ngati magazi akuyenda bwino m'masaya. Ambiri amaithawa poopa kuoneka ngati chinyau, koma chimene chimachititsa manyazi pagulu ndi blashi yotuwa ija imene inkaoneka yaulemu m'shopu. Tonyezimira take tikhale ta mkuwa kapena golide wakuya, ndipo tikhale tosalala, osati tija tikuluntikulu tooneka kamodzikamodzi ngati mchenga wa mumtsinje wa Mwanza.

Pali khungu linanso lofunika kulitchula mosabisa: lija lapakidwa mafuta oyeretsa kwa nthawi yaitali. Mafuta okhala ndi mankhwala monga clobetasol amapyapyalitsa khungu, masaya n'kukhala ofiira, timitsempha tikuonekera, ndipo a hydroquinone akagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali akhoza kusiya zigamba zakuda pamwamba pa masaya pomwepo pamene blashi imapita. Paudala wonyezimira pamalo oterewa amaonetsa chilichonse. Kufiira kumaonjezereka, zigamba zimatuwa. Nzeru ndi kusiya mafutawo n'kukaonana ndi achipatala, ndipo pakadali pano gwiritsani ntchito blashi yosanyezimira ya bulauni wofiirira, pang'ono chabe.

Kachitatu: kuyesa musanagule

Musayese m'chikhatho kapena mkati mwa dzanja. Malo amenewo ndi oyera kuposa nkhope, ndiye blashi iliyonse imaoneka bwino pamenepo. Yesani kuseri kwa dzanja, kapena patsaya ngati kambaleko ndi katsopano. Kambale koyesera kamene aliyense wakhala akupisamo chala musakafikitse kumaso.

Pakani ndi chala mzere umodzi, kenako mufikise pang'ono ndi chala china choyera. Ngati mtundu watsalabe mutafikisa, utoto ndi wokwanira. Ngati chatsala ndi kuthwanima kokha kapena kutuwa, isiyeni, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti pankhope zimasintha. Tulukani panja, imani pamthunzi osati padzuwa lenileni, muyang'anenso. Magetsi a m'shopu amanamiza, ena amayeretsa, ena amafiiritsa. Dikirani mphindi 15 mukuzungulira pamsika, chifukwa paudala akasakanikirana ndi mafuta a khungu komanso thukuta amaderako. Pomaliza jambulani dzanjalo ndi foni, fulashi ili yoyatsa. Ngati pachithunzi paoneka chigamba choyera, dziwani kuti ndi mmene mudzaonekere pa zithunzi za madzulo za pachinkhoswe.

Nunkhizaninso. Blashi yabwino sinunkha kanthu kapena imangomveka kafungo kofatsa. Ya fungo la penti, la mafuta owola, kapena yopanda mndandanda wa zimene zili mkati, musaigule.

Kachinayi: kukonza nkhope

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Nsanje ndi Ngabu kumapitirira madigiri 40. Malangizo ambiri a zodziphoda analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, amene amafuna kuti nkhope iwale chifukwa yawo imauma. Kuno nkhope imawala yokha ikangokwana 10 koloko. Choncho chilichonse chonyezimira chimene mwapaka m'mawa, thukuta lidzachiwirikiza.

Sambani ndi madzi ozizira, pukutani mosisita pang'ono. Dzolani mafuta opepuka, kadontho kofanana ndi njere ya chimanga pankhope yonse. Vaseline ndi glisalini zisafike pamasaya tsiku limene mukupaka paudala, poti paudala amamatirira pamenepo n'kupanga zigamba zosafikisika. Ngati mumadzola mafuta oteteza kudzuwa, dikirani mphindi 10 mpaka 15 kuti akhazikike. Aja okhala ndi zinc oxide amasiya kutuwa pakhungu lakuda, ndipo blashi yonyezimira pamwamba pake imatuwa kawiri.

Faundeshoni ikhale yochepa. Mukatha, phimbani masaya ndi paudala wa nkhope wosanyezimira, wofanana ndi khungu lanu, mopepuka. Gawo ili ambiri amalidumpha, komatu ndi limene limachititsa kuti blashi iyende bwino. Paudala amatsetsereka pa paudala mnzake. Akagwera pa faundeshoni yonyowa amakakamira pamalo oyamba pamene burashi yakhudza, ndipo pamenepo pamatsala chidindo.

Kachisanu: kupaka

Burashi ikhale yofewa, mutu wake waukulu ngati chivundikiro cha botolo la Sobo. Kaburashi kophwatalala kamene kamabwera m'kambale n'kolimba ndiponso kakang'ono, kamajambula mizere. Burashi yaikulu ya paudala nayo imamwaza tonyezimira mpaka pamphuno ndi pachibwano.

Zungulizani burashi m'kambale kamodzi, osakanikiza. Gogodani chogwirira chake pachala kawiri kuti ufa wochuluka ugwe. Musauzire ndi pakamwa.

Pezani malo ake chonchi. Ikani zala ziwiri pambali pa mphuno: blashi isalowe mkati mwa zala zimenezo. Yerekezani mzere wochoka pansi pa mphuno kupita kukhutu: blashi isatsike kupitirira mzerewo. Gwirani ndi chala fupa la tsaya, yambirani pamenepo, pansi pa ngodya yakunja ya diso, n'kumakokera m'mwamba cha kumtunda kwa khutu. Ena amati muzimwetulira popaka, koma samalani nazo. Mukamwetulira tsaya limakwera, mukasiya limatsika pamodzi ndi blashi, nkhope n'kuoneka yotopa. Pakani nkhope ili chete.

Chifukwa chopewera pafupi ndi mphuno ndi chakuti pamenepo ndi pamene timabowo ta khungu ndi tikulutikulu komanso pamene mafuta amayambira kutuluka. Mica imabweza kuwala, ndiye imaonetsa kabowo kalikonse, kachiphuphu kalikonse, ngakhale kaubweya. Pamwamba pa fupa khungu ndi losalala, kuwala kumakhala bwino.

Kwa akhungu loderako ndi lakuda, njira imene imapirira kutentha ndi ya magawo awiri. Yambani ndi blashi yosanyezimira ya mtundu wamphamvu, mupake kawiri mopepuka mpaka mtundu uoneke mutaima masitepe awiri kuchoka pagalasi. Kenako tengani yonyezimira ija, mukhudze ndi nsonga ya burashi, mudinde katatu pamwamba penipeni pa fupa, malo osaposa zala ziwiri m'lifupi. Kudinda, osati kusesa. Ngati mulibe blashi yosanyezimira, lipisitiki yofiira kapena ya mtundu wa jambula imagwira ntchito: timadontho tiwiri ngati njere za mapira patsaya lililonse, mufikise ndi chala musanapake paudala wa nkhope, kenako paudala, kenako yonyezimira pamwamba. Mtundu wotere umakhalitsa chifukwa uli pansi, thukuta likachotsa za pamwamba umatsalabe.

Malizani ndi burashi yopanda kanthu, muzungulize m'mphepete kuti pasaoneke pamene blashi yathera. Tembenuzani nkhope uku ndi uku pafupi ndi zenera. Kuwala kuzioneka pokhapokha mukatembenuka. Ngati kukuoneka mutayang'ana galasi molunjika, mwachulutsa.

Zikalakwika

Mukachulutsa mtundu, musapukute ndi nsalu, poopa kuchotsanso faundeshoni. Tengani siponji imene munapakira faundeshoni, osaonjezerapo ina, mudinde pamwamba. Ngati vuto ndi kunyezimira, paudala wa nkhope wosanyezimira amakuzimitsa.

Thukuta likabwera, ndipo libwera ndithu, musasese ndi mpango. Tengani tishu, mupatule kagawo kamodzi kopyapyala, muike patsaya, mukanikize ndi chikhatho masekondi asanu, muchotse. Dikirani khungu liume musanaonjezere chilichonse. Paudala wopakidwa pathukuta amaumbika ngati phala, ndipo akauma amang'ambika. Nthawi zambiri mukadinda ndi tishu mupeza kuti mtundu ulipobe, sipafunikanso kuonjezera.

Blashi ikasanduka yakuda kapena ya olenji woipa pofika masana, ndi mafuta a khungu amene anyowetsa utoto. Chepetsani mafuta odzola m'mawa ndipo musadumphe paudala wa pansi uja. Ikamaoneka ya madonthomadontho, mwina khungu lili ndi mfundu zouma, kapena burashi ndi yosachapa. Masiku amene masaya atuluka ziphuphu kapena totupa ta thukuta, yonyezimira ipume kaye.

Pali vuto lina limene limanamiza anthu kuti blashi yatha mphamvu. Pamwamba pa kambale pamauma n'kuchita khungu lolimba lowala, burashi osatolanso kanthu. Amenewo ndi mafuta ochoka kumaso kapena kuzala amene aumitsa ufa. Matani selotepi pamwamba, mukanikize pang'ono, mumatule, kawiri kapena katatu mpaka ufa wofewa uonekere. Pofuna kuti zisabwererenso, lekani kupisamo chala ndipo muzichapa burashi.

Kasungidwe

Burashi ichapidwe kamodzi pa sabata, nyengo yotentha kawiri. Madzi ofunda pang'ono, sopo wofatsa kapena shampu, ubweya utaloza pansi kuti madzi asalowe m'chitsulo mmene muli guluu. Finyani ndi thaulo, muigoneke m'mphepete mwa tebulo pamthunzi, iuma pofika madzulo. Ngati madzi anu ndi a pamjigo wa mchere, monga ilili mijigo ina kuno, tsukuluzani komaliza ndi madzi akumwa abwino, apo ayi ubweya umalimba n'kuyamba kukanda.

Kambale kasakhale pazenera, pamwamba pa kabati pafupi ndi malata, kapena kutsogolo kwa galimoto. Kutentha kumafooketsa mafuta amene amagwira ufa pamodzi, komanso guluu wogwira kachitsulo ka mkati. Poyenda ulendo wa minibasi, kaya wokwera zitunda za ku Thabwa kupita ku Blantyre kapena wa njinga ya kabaza, ikani thonje lophwatalala pakati pa ufa ndi chivundikiro, blashi zonyezimira ndi zofewa ndipo sizichedwa kusweka. Ikasweka musataye. Iphwanyeni yonse ikhale ufa, thirani madontho ochepa a sipiriti woyera wa kufamase, osati wa pepo uja, musakanize ngati phala lolimba, muphimbe ndi tishu, mukanikize ndi ndalama yachitsulo, muisiye yotsegula usiku wonse.

Kumbuyo kwa kambale kuli kachizindikiro ka kabotolo kotsegula kolembedwa 12M kapena 24M. Imeneyo ndi miyezi imene mungaigwiritse ntchito kuchokera tsiku lotsegula. Ikasintha fungo isanakwane miyeziyo, itayeni basi.

Kwa ophoda akwati ndi operekeza awo

Apa ndi pamene nkhani ya kusiyana kwa khungu imaonekera poyera, chifukwa atsikana asanu ndi mmodzi avala diresi lofanana, aima mzere umodzi, ndipo wophoda ali ndi kambale kamodzi. Kupaka onse blashi yofanana sikuwafananitsa: woyera amafiira, woderako amathwanima, wakuda amatuwa. Kuti aoneke ofanana pachithunzi, mitundu ya m'kambale iyenera kusiyana. Makambale atatu osanyezimira amakwanira gulu lonse, wa papaya kwa oyera, wa njerwa kwa oderako, wa chidede kapena jambula kwa akuda, kenako konyezimira kamodzi ka golide wopita ku mkuwa kodinda pamwamba pa onse, koma kwa oyera mudinde pang'ono kwambiri.

Yambani ndi operekeza, mkwati akhale womaliza kuti asadikire nthawi yaitali m'chipinda chotentha. Aliyense akhale ndi burashi yakeyake, kapena palani ufa pang'ono ndi kasupuni koyera muuike patishu, kuti burashi yochoka pankhope ya wina isabwerere m'kambale. Mukatha onse, aimikeni pakhonde, muwajambule kamodzi popanda fulashi, kamodzi ndi fulashi, mukonze amene watuwa galimoto isanafike. M'kachikwama ka woperekeza wamkulu muikemo tishu ndi paudala wa nkhope. Yonyezimira itsale kunyumba.